Ababa Akusita Yunifolomu

Ndikukumbukira chaka chimene madokotala ananena kuti impso za ababa zatopa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ababa ankayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Doha, ndipo ntchito inathera pa matendawo. Anagwirizana ndi amayi kuti ababawo abwerere okha ku Dedza, ine nditsale ndi amayi, ndipitirize sukulu. Palibe anandiuza kuti mwina sindidzawaonanso, koma mwana si chitsiru. Ndinabwereka kamera yaing'ono kusukulu kuti ndiwajambule, ndizikhala nawo ngakhale atapita.

Amayi anali namwino, ndipo ankasamalira bambo ena okalamba a ku Iran amene ankakhala kwa mwana wawo wamkazi. Tinkangowatchula kuti Agha. Amayi ankati pa unyamata wawo, bambowa anali mwa anthu oyamba kwawo kutulutsa kamera m'nyumba zojambuliramo mafilimu n'kupita nayo kumidzi, kukajambula abusa a nkhosa ndi amayi ophika buledi. Anzawo anawaseka, akuluakulu anatsekera mafilimu awo ena m'kabati zaka zambirimbiri. Ine zonsezo sindinkaziona. Ndinkangoona munthu wonjenjemera manja, womwa tiyi atapana kachibuma ka shuga m'mano.

Lachisanu lina, tsiku lopuma kuno, pochoka kutchalitchi ku Abu Hamour, tinakwera takisi mpaka ku West Bay. Ababa anali mu suti yawo ya paukwati, thukuta lili kamukamu. Anaima kutsogolo kwa nyumba zazitali zagalasi za kumeneko, manja m'mbali ngati msilikali, nati, "Moni nonse, ife kuno tili bwino." Ndi mmene timajambulitsira Amalawife kuno, kuti akumudzi aone kuti sitinabwerere masewera.

Mawa lake ndinatsatira amayi kuntchito, kukaonetsa Agha luso langa. Anayandikiza mphuno pa kagalasi ka kamera, n'kuonera mpaka kumapeto.

"Suti ndaiona, nyumba ndaziona," anatero. "Nanga bambo ako ali kuti?"

Ndinapsa mtima. Ati bwanji nkhalambayi! "Si awa apawa?"

"Ameneyu ndi munthu wodziwa kuti akujambulidwa."

Kenaka anandisimbira za mayi wina wophika buledi m'mudzi wa kumapiri kwawo. Akaona kamera ankauma thupi, ndiye Agha anakhala pakhomo pake masiku atatu ndi kamera yopanda filimu m'kati. Tsiku lachitatu mayiyo anaiwala, n'kuyamba kukalipira mbuzi yake, ndipo ndi pamene anaika filimu. "Khala pansi, tseka pakamwa, dikira," anandiuza. "Yamba ndi manja ake. Nkhope ibwera yokha."

Masiku anayi ndinkangoyendayenda ndi kamera m'nyumba, mpaka ababa anatopa nane n'kusiya kukonza kolala akandiona. M'mawa wina ndinawapeza akusita yunifolomu yoyera ya amayi, atavala vesiti, chitenje cha amayi m'chiuno. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ananyowetsa chala ndi malovu, kugunda simbi, tsss! Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu akuphonya monga mwa masiku onse. Amayi analowa akumanga tsitsi, nati, "Kolala mwaiwala, a dalaivala." Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Potembenuka anaona kanyale kofiira ka kamera.

"Iwe Tadala! Dilita zimenezo pompano. Ukufuna abale anga ku Dedza azinena kuti ndinapita ku Qatar kukasitira mkazi?"

Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo ababa. Koma tsikulo kamera ndinaibisa kumbuyo.

"Si za ku Dedza, ababa. Ndi zanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti azindikira kuti ndikudziwa zoti mwina sitidzaonananso. Anatenganso simbi.

"Ndiye ujambule bwino," anatero. "Kolala ndikuyamba tsopano."

Agha anaionera kawiri filimuyo. Atamaliza anaika dzanja pachifuwa, monga amachitira anthu akwawo polandira mlendo, nati, "Eya, awa ndiye bambo ako. Ndakondwa kuwadziwa."

Ababa anamwalira chaka chisanathe. Abale anapempha filimu ya suti ija, tinawapatsa, ndipo mpaka lero amati munthu anali bwana ku Doha. Agha nawonso anapita ndisanawathokoze mokwanira, ndipo zimandiwawa. Mafilimu awo ndinadzawaonera nditakula. Mbuzi ija ilimodi.

Sindinakhale wojambula mafilimu ayi, ndimagwira ntchito ya muofesi ku Msheireb, konkuno ku Doha. Koma ndimayamika kuti munthu amene anajambula dziko lake lonse sananyoze kamera ya mwana, ndipo anandiphunzitsa kuti munthu umamupeza pamene waiwala zodzionetsa. Amayi anapuma pantchito, ali ku Dedza. Ndikapitako, tikangotsala awiri, amakoka mpando n'kunena kuti, "Tandiikira bambo ako." Sindinawafunsepo kuti akunena filimu iti.