Nkhata ya a Komiti ya Maluwa

Mundikhululukire polemba, sukulu yanga ndi yakumudzi. Ndikungofuna kufotokoza mmene tinaikira bambo anga.

Ndinadzuka kusanache, amayi a mpingo akuimbabe m'nyumba ya siwa. Kuseri moto unali utayatsidwa kale, ndipo adzukulu anali atapita kukakumba. Mphepo panalibe. Aliyense ankadziwa kuti kutentha kwambiri.

Bambo ankathirira maluwa a m'mbali mwa msewu pa boma la Nsanje. Amagolosale ndi amaokala anapanga komiti, aliyense n'kutenga bedi lake ndi kuzikapo chikwangwani cha dzina lake, ndipo bambo ndiwo analembedwa ntchito yosamalira. Tsiku lina anagwera pakati pa mabediwo. Mwendo unatupa, ndipo sanadzukenso. Kuchipatala anati shuga. Amayi anati pamalopo panakwiriridwa kanthu, chifukwa mlamu wake wa wapampando wa komiti ankaifunanso ntchitoyo.

M'mawawo amayi anandiitana n'kundigwira dzanja.

"Duwa la pa boma lisakhudze manda a bambo ako. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Anthu anabwera ambiri, pa njinga ndi pa ngolo, ena kuchokera kutsidya kwa Shire. A komiti anafika mochedwa pa galimoto. Pamene bambo ankadwala sanabwerepo ndi mmodzi yemwe, koma tsikulo anakhala kutsogolo, wina akujambula ndi foni. Ndinaona azimayi akukodolana.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Fumbi linkalowa m'kamwa, nyimbo n'kumadukaduka. Titakwirira, wotsogolera mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Zathu zinali zapulasitiki. Atatchula komiti, wapampando anatulukira ndi nkhata yaikulu ya maluwa enieni, ofiira ndi achikasu, omwe aja bambo ankathirira. Sanaiike yekha. Anandipatsa ine.

"Ika ndiwe, mwananga. Ndipo Lolemba ubwere, ntchito ya bambo ako ndi yako."

Amalume anga ochokera ku Mozambiki anandinong'oneza m'Chisena kuti, "Nkhabe," kutanthauza kuti ayi.

Munthu wamkulu sindinamukanirepo chinthu. Ndinalandira ndi manja awiri. Koma kuika sindikanatha, pakuti amayi ankandiyang'ana. Ndinangoima nayo. Pemphero lomaliza linatha ndili chiimire, thukuta likutsika m'khosi, maluwa akufota pachifuwa panga. Wina kumbuyo anati, "Kodi mnyamatayu akufuna apite nayo kudambwe?" Ena anaseka chapansipansi. Anthu atabalalika ndinakaisiya pansi pa mtengo wa msawu, kunja kwa manda.

Sindikudziwa chifukwa chake wapampando sanaiike yekha. Mwina unali ulemu. Mwina ayi.

Madzulo pakhomo panali zii. Amayi anandisambitsa m'manja ndi madzi amchere, ngakhale ndine wamkulu. Ndinawauza kuti ntchito ija ingatithandize, poti ana aang'ono alipo atatu. Anati anataya kale munthu mmodzi pamsewu paja.

Lolemba sindinapite. Wapampando anatuma munthu kangapo, ine ndikubisala kumunda. Keni ya komiti, imene bambo ankathiririra, inali idakali pakhonde pathu.

Nkhaniyi inatha pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Amayi anasenza keni ija okha mpaka pa boma. Anaibweza yodzaza ndi madzi, monga amabwezera chiwiya munthu wopanda mangawa, kuti a komiti asadziwe zimene tinkawaganizira.