Phiri la Ababa ndi Mizere Khumi ndi Iwiri

Ababa anakhala ku Tanzania zaka ziwiri zokha, koma zaka ziwirizo ife ana awo tinazisenza moyo wathu wonse. Anapita asanakwatire amayi, kukasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Moshi, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro. Anabwerako ndi makina osokera, Chiswahili cha pamsika, ndi phirilo. Makina anatha, Chiswahili chinachepa, koma phiri linakhala nafe m'nyumba ku Chowe ngati mlendo wosatsanzika.

Ankalifotokoza kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo sankalola kudumpha. Pansi pali minda ya nthochi ndi khofi, dothi lachonde, madzi akuyenda m'ngalande chaka chonse. Ukakwera, nkhalango yonyowa, mitengo yolendewera ndere ngati ndevu, apusi akuda a michira yoyera. Apa m'pamene iwo anafika ndi mapazi awo tsiku lina, n'kubwerera chifukwa cha mvula. Zakumtunda anazimva kwa amuna onyamula katundu wa alendo okwera phiri, omwe ankabwera kudzasoketsa zigamba: kuti mitengo imanka ifupika mpaka kutheratu, kutsala miyala ndi mphepo, ndi kuti pansonga pali chidzenje chonunkha ngati mazira ovunda, pomwe kalekale pankatuluka moto. Pamwamba pa zonsezo panali madzi oundana, amene iwo ankawatcha balafu. Balafuyo ndiye anamuona ndi maso awo, m'mawa mitambo isanatseke, uku akulowetsa ulusi m'singano.

"Kuyera kwake ngati kofiya ya shehe yongochapa kumene," ankatero. "Kuphimba mutu wonse mpaka m'makutu."

Ndiye taganizani kukamba zimenezi ku Mangochi mwezi wa Okutobala, anthu atangotuluka mu mzikiti, thukuta lili kamukamu. Za dzina la phirilo anthu anazimvapo pawailesi. Chimene ankakana n'chakuti moto ndi balafu zingakhale paphiri limodzi, dzuwa lomweli likuwala. Anawapatsa dzina loti Che Balafu, ndipo munthu akanena bodza pa bawo ankamuuza kuti wayamba kukwera phiri.

Ine ndinakula, n'kukhala mphunzitsi, n'kupeza phiri lomwelo m'buku la sukulu. Zonse zinali zoona, ndi apusi omwe. Koma sindinapite kukawaikira kumbuyo. Ndinali nditatopa nalo. Ndinalimva pa ukwati wanga, ndinalimva kuchipatala nditangobereka, ndinalimva ngakhale pa sadaka ya amayi, pomwe mlendo wina anangoti madzi akumwa akuzizira bwino. Kangapo konse ndinalakalaka phirilo litangophulika n'kutha.

Amayi atamwalira munda wawo unatsala m'manja mwanga, monga mwa mwambo wathu. Munda umenewo unagundana ndi wa mchemwali wanga, mwana wa amayi aang'ono. Malire anali nkhadze, koma nkhadzezo zinapsa ndi moto wa osaka mbewa. Chaka chotsatira ndinapeza alamu anga, amuna a mchemwaliyo, atagaula mizere khumi ndi iwiri ya mbali yanga, chakumunsi komwe chinyezi chimakhalitsa. Kumeneko n'kumene ndinkadalira mvula ikadula. Iwo ankati malire amachoka pachulu kukafika pamwala. Ababa ankati amachoka pachulu kukafika pamtengo wa mango, ndipo mwa anthu amene analipo pobzala nkhadzezo, wamoyo anali iwo okha.

Nkhaniyo inapita kwa amalume aakulu, mwini mbumba yathu. Ababa anafotokoza bwinobwino, kutchula ndi amene anagwira chingwe tsikulo. Alamu anga anangomwetulira.

"Amalume, ine sindikunyoza munthu wamkulu. Koma mboni yake ndi yomweyi inaona balafu pamoto ija?"

Anthu anaseka. Amalume, munthu wosakonda phokoso, anati tidzakumanenso Loweruka lotsatira. Ine ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira. Ndinaona kuti mizere yanga ikupita chifukwa cha phiri la m'dziko la eni, loti sindinaliponde n'komwe.

Ndinaganiza zothana nazo ngati mphunzitsi. Lachitatu nditaweruka ndinatsikira kuboma, n'kulowa m'kasitolo kosindikiza mapepala. Ndinasankha chithunzi chowala kwambiri, chojambulidwa posachedwa, n'kuchisindikiza chachikulu, chamitundu, n'kuchimatitsa pulasitiki. Ndinachinyamula pa kabaza ngati satifiketi. Ababa sindinawaonetse. Ndinkafuna adzachione pamaso pa anthu, adzalowe m'bwalo ali Che Balafu n'kutulukamo ali munthu woona. Ndikakumbukira nzeru imeneyi mpaka lero ndimadziluma lilime.

Loweruka tinakhala pamikeka kuseri kwa nyumba ya amalume. Ndinapempha mwayi, n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinanena kuti phirilo linamangika ndi chiphalaphala chotentha chochokera pansi pa nthaka, chikutuluka n'kuuma, chikutuluka n'kuuma, mpaka kutalika kuposa mapiri onse a mu Africa. Ndinanena kuti moto wake unagona kalekale, ndi kuti munthu akamakwera m'mwamba kumanka kuzizira, n'chifukwa chake madzi amaundana pansonga pomwe pansi anthu akudya nthochi. Amalume ankagwedeza mutu. Alamu anga anasiya kumwetulira. Kenaka ndinatulutsa chithunzi chija, chinazungulira m'manja mwa onse, n'kufika kwa mwini nkhani.

Ababa anavala magalasi awo omanga ndi ulusi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchitalikitsa, kuchiyandikitsa, kuchipukuta ndi mkono wa mkanjo.

"Ili si phiri lija," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Ababa, tayang'anitsitsani. Ndi lomwelo."

"Msana wake ukufanana. Koma balafu uyu ngwochepa, amama. Uyu akungokhala ngati pomwe yanyera mbalame. Lija ndinaliona ine linali loyera mutu wonse. Akugulitsani phiri lina."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, mpaka nkhuku zinathawa. Alamu anga anagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe. Pomwepo ndinakumbukira kamzere kena ka m'buku lija, koti madzi oundana a paphiripo akhala akusungunuka m'zaka zapitazi. Kamzere kameneko ndinkakalembetsa ana pabolodi chaka ndi chaka, osaganizapo n'kamodzi komwe kuti kakukhudza kofiya ya ababa. Ndinayesa kukanena, koma mawu anga anamira m'phokosomo, ndipo ababa, omwe khutu lina linali litafa kale, sanamve chilichonse.

Amalume anadikira kuti anthu atonthole. "Mwana wabwera ndi umboni, mwini wake waukana. Nanga ine ndigwire pati?" Anati poti palibe mboni ina, malire akhale pomwe pali chinthu chosasuntha, ndiye pamwala. Mizere khumi ndi iwiri inapita choncho.

Pobwerera ndinayenda ndi ababa mpaka kudutsa pamjigo. Pamenepo m'pamene ndinaphulika.

"Mukanangoti eee, ababa. Liwu limodzi lokha. Zaka zonsezi mwatitopetsa ndi phiri limeneli, lero ndakubweretserani m'manja, inu n'kulikana?"

Anaima, n'kutsamira ndodo yawo. "Ndiye mumafuna ndiname pamaso pa anthu, kuti akhulupirire kuti sindinama?"

Funso limenelo linandikwiyitsa koposa. Ndinawasiya m'mbuyo, n'kukafika kunyumba ndekha.

Patapita milungu iwiri ndinapitanso kuboma kukatenga mabuku a sukulu. Sindikudziwa chimene chinandikokera m'kasitolo kaja, mwina makani chabe. Ndinapempha kuti andifufuzire chithunzi chakale cha phiri lomwelo. Chinapezeka chosaoneka bwino, chakuda ndi choyera, chojambulidwa kuchokera kumunsi kuminda. Ndinachisindikiza papepala wamba.

Ababa ndinawapeza pakhonde akusoka batani ndi manja. Ndinaika zithunzi ziwirizo pamwendo pawo. Chakalecho sanachiyang'ane n'kawiri komwe.

"Ili ndiye," anatero, chala chili pamwamba pa pepala. "Ili ndiye lija. Mwaona kofiya?"

"Ndaona. Koma ndi phiri limodzi, ababa. Ichi n'chakale, ichi n'cha masiku ano. Balafu uja akusungunuka. Dziko likutentha, ndipo akutha pang'onopang'ono."

Ndinayembekeza kuti anena za munda, kuti tibwerere kwa amalume ndi mapepala onse awiri, ngakhale ndinkadziwa kuti chimanga cha alamu chinali chitamera kale ndipo amalume sabwereza nkhani. Za munda sanatchule n'komwe. Anayang'ana chithunzi chatsopano chija, chomwe anachikana pabwalo, n'kuchisisita ndi chala pomwe panatsala timizere toyera.

"Ndiye ngalande zija zikuyendabe madzi?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga akadzatheratu, amene adzapiteko adzati chiyani za ine?"

Ndinati sindikudziwanso. Anapinda chithunzi chakalecho kanayi, n'kuchiika m'thumba la mkanjo. Chapulasitiki chija anandibwezera.

Kuyambira tsiku limenelo phiri linatuluka m'nyumba mwathu. Alendo ankabwera n'kupita osamva za nthochi kapena apusi. Ku mzikiti anzawo ankawaputa dala, iwo n'kungoseka pang'ono n'kufunsa za mtengo wa feteleza. Chinthu chimene ndinachipempha kwa zaka makumi atatu ndinachilandira, ndipo chinandinyansa. Mizere ija ndimaidutsabe popita kumunda, ndipo mtima umandipwetekabe ndikaona chimanga cha alamu chili biriwiri pomwe changa chafota. Koma bata la pakhonde lija linandipweteka kuposa pamenepo.

Tsiku lina kukutentha kwambiri ndinawagulira madzi oundana a m'kapepala kugolosale. Ndinawapatsa, n'kukhala pansi pafupi nawo.

"Ababa, paja mumati ukadutsa nkhalango ija umapeza chiyani?"

Anagwira kapepalako m'manja mpaka madzi anayamba kudontha pamkanjo.

"Miyala, amama," anatero. "Ndi miyala basi."