Zingwe za pa handulo

Achimwene titawaika m'manda, ine sindinalire. Anthu ankandisuzumira kumaso kufunafuna misozi, koma ine zii. Ndinkadya, ndinkapita ku mzikiti, ndinkagona. Basi.

Boti lathu linali laling'ono, la matabwa, la anthu awiri. Chiyambire unyamata wanga malo anga anali kumutu kwa boti, kuvuula mono. Achimwene ankakhala kumbuyo, dzanja pa handulo ya injini, ndipo injiniyo sankalola munthu kuikhudza, ngakhale ine mng'ono wawo. Mono tinkatchera m'miyala ya ku Liwaladzi, nkhanu zake n'kumakaperekera kumalo ogona alendo ku Ngala. Panyanja sitinkayankhulana. Ndikaona chigubu cha mono chikuyandama ndinkangoloza ndi mkono, boti n'kukhota.

Sadaka ya maliro itatha, amalume anabwera ndi munthu wa ku Dwangwa wofuna botilo.

"Mphwanga," anatero amalume, "ugwire injini, uvuulenso mono? Uli ndi manja anayi iwe?"

Mwini mawu anali alamu, akazi a malemu, poti boti linatsala m'manja mwawo. Anayankha akuyang'ana pansi. "Alamu, mukatha kuyenda nalo nokha, likhale. Mukalephera, lipite."

Za kulemba munthu waganyu sindinafune n'kuzimva komwe. Ndinadula zingwe ziwiri pa khoka lakale. Kwa wokonza njinga ndinapempha mahabu awiri otha ntchito, ndinawakhomera m'mbali mwa boti kumbuyo kuti zingwe zizitsetsereka bwino. Zonse ziwiri ndinazimanga pa handulo: cha kumanja kudutsa pa habu ya kumanja mpaka kumutu, cha kumanzere chimodzimodzi. Pogwira powonjezera moto ndinakulungapo legeni kuti injini iziyenda pang'onopang'ono yokha. Odutsa ankaima n'kumaseka. "Mwayamba kuyendetsa ngolo, bambo? Ng'ombe zake zili kuti?" Ine ndinangopitiriza ntchito yanga. Mkwiyo umene ndimadziwika nawo, masiku amenewo nawonso unali utachoka.

M'mawa mphepo ya mwera itadekha, boti ndinalitsitsira m'madzi. Ndinaliza injini, ndinakwawira kumutu, ndinagwira zingwe. Chigubu choyamba chinaonekera kumanja. Ndinakoka chingwe cha kumanja.

Boti linakhotera kumanzere.

Ndinakokanso mwamphamvu, ilo n'kulunjika pamwala weniweni. Aa, chitsiru cha boti! Ndinadumphira kumbuyo, bondo n'kumenya thabwa, ndinazimitsa injini mwala uli pafupi moti ndikanaugwira ndi dzanja.

Ndinakhala pamenepo boti likungoyandama. Kenaka ndinagwira handulo, ndinaikankhira uku, ndinayang'ana m'madzi mmene injini yapenyera. Ndinaikankhira uko. Kani ndi mmene zimakhalira! Handulo ikapita kumanja, boti limapita kumanzere. Mwana aliyense wa pagombe amene anagwirapo injini amadziwa zimenezi. Ine, munthu wa imvi, wobadwira panyanja, sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndikaloza kumanja, achimwene ankakankhira dzanja lawo kumanzere, kumbuyo kwanga, ine osaona. Ndinadikira kuti mwina apa ndiye ndilira. Palibe chinabwera, bondo lokha ndi limene linkawawa.

Ndinamasula zingwe n'kuzipingasa: cha dzanja lamanja chizikokera handulo kumanzere, chinacho kumanja. Ndinalizanso injini. Ndikakoka, boti linkamva. Miono yonse ndinavuula ndekha, nkhanu zikukwawakwawa m'ndowa. Sindinasangalale, ndinangoona kuti zatheka.

Ndinabwerera dzuwa lili pamutu. Alamu anali pagombe, akutsuka mbale ndi mchenga. Ndinadzera dala kutsogolo kwawo kuti aone. Ndinakhotera kumanja, ndinakhotera kumanzere, ine ndili chiimire kumutu. Iwo anaimirira, mbale ili m'manja. Koma sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwa boti, kumene handulo inkapita uku ndi uku yokha, pathabwa popanda munthu.

Nditakocheza ndinati, "Alamu, mwaona? Likuyenda."

"Ndaona," anatero. Anatsuka mbale ija kachiwiri, yoyera kale. "Ligulitseni, alamu. Chimenecho sindingamachione tsiku ndi tsiku."

Sindinatsutse. Ndinawasiyira ndowa ya nkhanu, ndinabwerera m'boti, ndinayamba kumasula mfundo. Ndinali nditazimanga zolimba kwambiri, zina mpaka ndinachita kudula ndi mpeni.