Ndinkasamalira makolo a eni ku Japan, atate anga akudwala kwathu

Inu owerenga, ine kwathu ndi ku Sinda, ndipo zimene zinandigwera sindifuna kuti zidzagwere wina. Atate anga anamwalira ine ndili kutali, ndikumwetsa phala atate a munthu wina. Mpata wobwera kudzawaona unalipo, koma ndinazengereza. Mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndinapeza mwayi wopita ku Japan kukaphunzira chinenero chawo ndi ntchito yosamalira okalamba. Atate anali mlimi wa thonje ndi nshawa, munthu wosalankhula zambiri. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamseu waukulu, ndipo basi ya ku Lusaka itaima anangondiuza kuti ndizidya mokwanira ndiponso ndisasiye kupemphera.

Kusukulu kuja ndinapeza kuti ambiri mwa anzanga anali ochokera ku Nepal, dziko limene ndinkangolimvera m'kalasi. Anthu amenewa ndi ambiri ku Japan. Ena amaphika m'malo odyera, ena amagulitsa m'masitolo, ena amalongedza zakudya m'mafakitale, ndipo mlendo wakwawo akafika samusiya yekha. Ine ndinalibe wakwathu ndi mmodzi yemwe. Eni dziko anali aulemu kwambiri, koma ulemu wake wosakuyandikira. M'sitima anthu ankatha kudzaza mpaka kuimirira, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu.

Amene ananditola ndi Bimala, mtsikana wa ku Nepal yemwe tinkaphunzira naye. Anandiitana kuti tizikhala limodzi m'kachipinda kake, ndipo tinkagwira ntchito panyumba imodzi yosungirako okalamba. Tinkalankhulana Chijapani chothyokathyoka, pena ndi manja. Anandionetsa zithunzi za kwawo: minda ya chimanga yokwera phiri ngati masitepe, mbuzi, amayi ake atasenza udzu pamsana. Ndinaseka nditaona kuti mwana wa mlimi ndi yemweyo kulikonse.

Chaka chilichonse anthu a ku Nepal amakhala ndi chikondwerero chimene makolo amadalitsa ana awo powamata mpunga wofiira pamphumi. Ku Japan ankasonkhana m'chipinda chimodzi, wamkulu pa onse n'kuimira makolo a aliyense. Tsiku limenelo ndinaona Bimala akuimbira kwawo, atate ake akutambasula chala kukhudza galasi la foni, iye n'kuweramitsa mutu ngati chalacho chimufika. Ndinatuluka panja, chifukwa nanenso misozi inali italengeza.

Kenaka amayi ake a Bimala anadwala. Kuntchito anamuuza kuti akapita adzaphonya mayeso a boma, amene amapatsa mlendo chilolezo chokhalitsa pantchitoyo, ndipo adzadikira chaka china. Iye anamvetsera mwaulemu, anawerama monga amachitira kumeneko, koma ananyamukabe. Anabwerako atawonda, amayi ake atamwalirira m'manja mwake. Ndinamupepesa, koma mumtima ndinkati mnzangayu wataya chaka pachabe, popeza kupita kwakeko sikunachiritse munthu.

Chaka chotsatira, nthawi yanga yolemba mayeso aja itayandikira, mlongo wanga anandiimbira kuti atate atupa miyendo ndipo awagoneka kuchipatala ku Katete. Ine wophunzira unamwino ndinadziwa tanthauzo lake. Koma nditalankhula nawo, atate anati ndi matenda a ukalamba chabe, ndisadzivute, ndimalize chimene ndinapitira. Mawu amenewo ndinawagwira mwamphamvu chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Nditamufotokozera Bimala, anasiya mpunga umene ankatsuka n'kundiyang'ana.

"Amayi anganso ankatero," anatero. "Kholo silinena kuti bwera. Pita, mayeso adzakudikira."

Ndinamuyankha kuti ndipita ndikangolemba. Anzake a ku Nepal anafika pondiuza kuti masiku anga a ntchito agawana okha, bola ndikwere ndeke. Ndinawathokoza, koma sindinapite.

Panyumba ya okalamba ija panali agogo ena aamuna amene mutu unali utayamba kuiwala. Ankanditchula dzina la mwana wawo wamkazi, amene sankabwera kawirikawiri, ndipo ankakana kudya ngati wowadyetsa si ine. Tsiku lina masana, nditangomaliza kuwapukuta pakamwa, ndinapita kukapuma n'kupeza kuti mlongo wanga wandiimbira kambirimbiri. Atate anali atatisiya m'mawa wa kwathu.

Maliro ndinaonera pafoni. Netiweki ya kumudzi inkadukaduka, moti bokosi likutsikira m'manda chithunzi chinangouma, ine n'kumangomva mawu a kwaya patalipatali. Sindinaponye dothi. Sindinakhale pambali pa amayi m'siwa.

Koma sindinalire ndekha. Anthu a ku Nepal anabwera, ena oti sindinkawadziwa n'komwe, anavula nsapato n'kukhala pansi mpaka kachipinda kaja kudzaza. Anandifunsa kuti kwathu timalira bwanji. Ndinati timaimba. Iwo nyimbo zathu sankazidziwa, choncho anandipempha kuti ndiimbe ndekha, iwo n'kumang'ung'udza pambuyo panga. Kwawo wofedwa kholo sadya mchere masiku a maliro. Bimala ankaphika mpunga ndi mphodza zopanda mchere, n'kumadya nane limodzi, ngakhale mwambowo sunali wanga ndipo malirowo sanali ake. Sanandikumbutsepo kuti anandichenjeza.

Mayeso ndinakhoza. Chilolezo chija ndinachipeza, koma ntchito sinandikomerenso. Ndikagwira dzanja la nkhalamba iliyonse ndinkaganiza za dzanja limene sindinaligwire. Patapita nthawi ndinalongedza katundu n'kubwerera.

Pano ndimagwira ntchito ku Katete, ndipo Loweruka ndimakwera minibasi kukaona amayi. Iwo sanandidzudzulepo. Tsiku lina tikusenda nshawa pakhonde ndinawafunsa ngati atate ankandifunsa ali kuchipatala. Anati chitseko cha wodi chikangotseguka atate ankadzutsa mutu, akaona kuti ndi nesi n'kugonanso. Atatewo anawaletsa onse kundiuza zimenezo.

Bimala akadali ku Japan. Anakwatiwa ndi mnyamata wakwawo wophika m'malo odyera, ndipo mwana wawo amayankha m'Chijapani akamulankhula chinenero cha makolo ake. Timaimbirana mwa apo ndi apo. Ndimamusowa, ndimasowa kachipinda kaja ndi fungo la zokometsera zake, moti ndili kuno mtima umapita uko, monga ndili uko unkabwera kuno.

Inu owerenga, makamaka amene muli kunja kapena mukukonzekera ulendo, sindikunena kuti kupita kutali n'kulakwa. Pitani, phunzirani, gwirani ntchito. Koma mukamva kuti kholo lagonekedwa, musafunse kholo lomwelo ngati mubwere, chifukwa lidzakuuzani kuti lili bwino ngakhale mpweya ukuthawa. Funsani amene akulidwazika, ndipo mnzanu amene zinamuonekera kale akakuuzani kuti nyamukani, nyamukani. Ine mayeso akanandidikira chaka chimodzi chokha. Atate anandidikira mpaka pamene anatha kupirira, ndipo sindinafike.