Mng'ono wanga wosoka malaya

Tsiku limene ndinapita kukachingamira mng'ono wanga pamalo okwerera basi pa Rufunsa, ndinavala shati yatsopano katoni yake ili m'kolala momwemo. Ndinkayesa ndiko kutchena kwa m'tauni. Ine yemwe, wowerenga nyuzipepala iliyonse ngakhale yokulungira kapenta, khosi lili gwa ngati tambala womeza mwala.

Atatsika basi ya ku Lusaka anandiseka mpaka kukhala pachikwama, nasolola katoniyo. Kenaka, mwa chizolowezi cha osoka, anapinda m'mphepete mwa shati kuti aone msoko, nawerenga kansalu ka kukhosi. Inali yosokedwa kutsidya kwa nyanja. Kuseka kunathera pomwepo. Ndipamene ndinaona zimene ankamutsitsira padenga la basi: matiresi, mapoto, makina osokera. Wodzacheza sabwera chotero.

Fakitale ya malaya imene ankasokako inali itatsekedwa. Zinali zaka zija boma linatsegula malire, katundu wakunja n'kudzaza misika. Mabwana anauza antchito kuti malaya awo akudula, sakugulika kunja ngakhale kwathu konkuno.

M'njira ndinayamba uphunzitsi wosapemphedwa. Ndinamufotokozera zimene ndinawerenga, kuti kumaiko a kutsidya kwa nyanjawo wosoka amalandira zochepa, makina awo ndi achangu, munthu mmodzi amatulutsa malaya ambiri patsiku, motero shati imatsika mtengo ndipo wogula amathamangira kotchipa. Ndinalankhula bwino ndithu, ngati wailesi.

Iye anatula makina pansi.

"Akulu, ndiye kuti ife tinali kulandira zambiri? Ine wopita kuntchito wapansi, m'mimba muli tiyi yekha?"

Ndinafuna kunena kuti zochepa zathuzo kwinaku n'zambiri. Koma ndinangosenza makinawo.

Anawaika pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, akuti ayambenso. Anthu ankabwera, koma ndi salaula, zovala zakale za m'mabelo. Uyu afupikitse thalauza, uyu achepetse m'chiuno. Wobweretsa nsalu yatsopano kuti iye adule yekha, aone chovala chikubadwa m'manja mwake, kunalibe. Nanenso ana anga ndinkawagulira salaula, nanga n'kutani. Mvula itavuta, ngakhale ofupikitsa mathalauza anasowa. Mng'ono wanga anagulitsa makina, nalowa m'thengo kukaotcha makala cha ku Shikabeta. Kunyumba anasiya kubwera.

Ndinkafunsa za iye kwa aliyense wochokera kumeneko. Madzulo ena aneba athu, mayi wogulitsa tomato pamsewu waukulu, anandipeza pabwalo ndikuyerekeza kuwerenga. Anati anamuona mng'ono wangayo, wawonda, ali m'mbali mwa msewu akuluka pakamwa pa masaka a makala ndi luzi, ndipo sanafune kuti amupatse moni wautali.

"Koma aneba," anatero akukonza chitenje, "masaka ake mungawadziwe muli patali. Msoko wake ngowongoka kuposa onse. Mukapita, musakamuuze zimenezi. Mukangokhala naye pansi basi."