Mausi opanda waya anatsekeretsa alamu anga ku Tete

Inu owerenga, ine ndinanyozera lamulo limene ndinkaliona ngati lachabe, ndipo amene anagona m'chitokosi chifukwa cha kunyozera kwangako ndi munthu wosalakwa, mwamuna wa mng'ono wanga. Ndikulemba izi kuti amene mumaolotsa katundu pamalire mumve.

Ndine mayi wa bizinesi. Ndili ndi kasitolo pafupi ndi chipata cha Mwanza, momwe ndimagulitsa machaja, mabatire ndi zikuto za mafoni. Mng'ono wanga Esinati anakwatiwa ku Tete ndi a Domingo, munthu wofatsa amene anali ndi sitolo ya mafoni ndi zipangizo za makompyuta. Tsiku lina alamu angawo anandiuza kuti kumeneko anthu akufuna mausi opanda waya, tizipangizo tija timayendetsa kamuvi pakompyuta popanda chingwe. Ndinawapeza otchipa ku Limbe. Ulendo woyamba ndinangoponya ochepa m'chikwama, palibe anandifunsa, ndipo anatha msanga.

Kenaka sukulu ina yophunzitsa makompyuta inaitanitsa ambiri kwa alamu. Pondiimbira foni, iwo anandichenjeza kuti katundu wochuluka chotere amafuna satifiketi yosonyeza kuti boma la Mozambique linavomereza mtundu umenewo wa mausi. Anati kachipangizoka kamalankhulana ndi kompyuta kudzera m'mafunde a wayilesi, monga foni, ndiye dziko lililonse limayamba lakayeza kuti kasasokoneze zipangizo zina. Kunena zoona ndinaseka. Kanthu kokwana m'dzanja kangasokoneze chiyani?

Wondigulitsa ku Limbe anandionetsa timalembo ta pabokosi n'kunena kuti tikutanthauza kuti katunduyo ndi wololedwa padziko lonse. Nditafunsafunsa pamalire ndinamva kuti si choncho ayi. Njira yake inali yotumiza mausi achitsanzo ndi mapepala a ku fakitale ku ofesi yoona za mafunde ya dziko limene ukukagulitsako, kenaka n'kudikira miyezi. Ine makatoni anali atadzaza kale m'sitolo, sukulu nayo ikufulumiza.

M'pamene anandipeza dobadoba wina, mwa anthu aja amazungulira pachipata kulonjeza kuthandiza za mapepala. Anavala bwino, Chipwitikizi chili pakamwa. Anati ali ndi anthu ake ku Maputo. Sabata isanathe anandibweretsera pepala la chidindo chofiira, lolembedwa m'Chipwitikizi chimene ine sindiwerenga. Mtima unandiuza kuti chinthu cha miyezi sichingatheke msanga chotere, koma ndinautontholetsa. Ndinalipira msonkho wonse bwinobwino, ndinaoloka malire pa Zobue, ndipo pofika ku Tete ndinauza alamu kuti pepalalo lachokera kwa eni fakitale. Limeneli linali bodza. Iwo anandithokoza, n'kulikhoma pakhoma kuseri kwa kauntala.

Patapita milungu ndinapitanso ndi katundu wina. Esinati anali ndi pakati potopa, atakhala pampando pakhomo la sitolo, miyendo itatupa. Dzuwa la ku Tete linali litakwiya. Tikumasula makatoni, munalowa bambo ndi mayi ovala zitupa pakhosi. Anali a boma oyendera masitolo a zipangizo zamagetsi.

Anayamba ndi mafoni, alamu n'kumaonetsa mapepala ake mosatekeseka. Kenaka mayi uja anatola kamausi kamodzi, anakatembenuza, n'kuwerenga nambala yolembedwa kumimba kwake. Anayang'ana pepala la pakhoma lija. Anayang'ananso kamausi. Ine ndinkanamizira kukonza machaja pashelefu, mpaka imodzi inagwa pansi.

Mayiyo anatulutsa foni n'kuimbira ku ofesi kwawo, akuwerenga manambala a papepala pang'onopang'ono. Sindinkamva zonse, koma ndinaona nkhope ya alamu ikusintha. Nambala ya satifiketiyo inalipodi m'kaundula wawo, koma inali ya wayilesi ya m'galimoto ya kampani ina. Winawake anangofufuta dzina n'kulembapo la mausi athu.

A Domingo anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa, motsitsa mawu: “Alamu, pepala ili munalitenga kuti?”

Ndinaganiza za pasipoti yanga, za ana anga ku Mwanza, za ndende ya dziko la eni. Ndinatembenukira kushelefu n'kupitiriza kukonza machaja aja. Bambo uja atafunsa mwini katunduyo, alamu anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati ndi wawo. Sitolo inatsekedwa pomwepo, mausi onse analandidwa, ndipo apolisi anabwera kudzawatenga pamlandu wogwiritsa ntchito chikalata chachinyengo. Esinati anayesa kudzuka kuti awatsatire, koma miyendo inakana. Anangondigwira chitenje.

“Achemwali, mwatichita chiyani?”

M'mawa mwake ndinapita ndekha kupolisi ndi munthu womasulira, n'kukanena zonse. Anandisunga tsiku lonse akundifunsa mobwerezabwereza, pasipoti yanga ili patebulo pawo. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka ndinkati basi, andilowetsa. Madzulo anandilola kupita, koma anati alamu atuluka pokhapokha kufufuza kutatha, popeza wogulitsa ndiye ayenera kutsimikiza kuti katundu wake ndi wovomerezeka. Ndinabwerera ku Mwanza kukasaka dobadoba uja. Foni yake inali yozima, ndipo onse pachipata ankati sakumudziwa.

Esinati anachira mwamuna wake akadali m'chitokosi. Kuchipatala anamuperekeza ndi mayi woyandikana naye nyumba, chifukwa ine anakana kuti ndifike. Alamu anatuluka pambuyo pake mlandu wachinyengo utawachoka, koma sukulu ija inali itapeza wina, ndipo makasitomala ankati sitolo yawo ndi ya katundu wabodza. Lero amakonza makompyuta pakhonde la nyumba yawo. Tikakumana pamaliro amandipatsa moni mwaulemu, osatchulapo kanthu, ndipo ulemu umenewo umandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Choncho inu amalonda anzanga, chinthu chilichonse chogwira ntchito popanda waya, kaya ndi mausi, sipika kapena zomvera m'makutu, musachiyese chidole. Kulipira msonkho ndi nkhani ina, chilolezo chogulitsira ndi nkhani inanso. Timalembo ta pabokosi si chilolezo cha dziko lililonse. Musanagule katundu, funsani ku ofesi yeniyeni ya dziko limene mukukagulitsako ngati mtunduwo unavomerezedwa, ndipo nambala ya pasatifiketi ifanane ndi ya pachipangizo. Akakuuzani kuti mudikire, dikirani. Ndipo pepala limene inuyo simungathe kuliwerenga, musalipereke m'manja mwa m'bale wanu amene amakukhulupirirani, chifukwa tsiku loyankha mlandu adzaimirira ndi iyeyo.