Diso la Bambo Anga Lafera Pabenchi

Diso lamanzere la bambo anga lafa. Lafera pabenchi ya chipatala china cha m'boma lathu lino la Mchinji, kalata ya dokotala ilipo.

Lachiwiri sabata yatha, kamtengo ka m'chigafa kanawabaya m'diso akupachika fodya. Adokotala a kwathu ku Kachebere analemba kalata yotitumiza kwa dokotala wa maso, ndipo pamwamba pake analemba ndi bolopeni yofiira kuti "urgent". Amene munapondako kusukulu mukudziwa, liwuli limatanthauza kuti nkhaniyi siyodikira.

Tinafika 7 koloko m'mawa Lachitatu. Dokotala wa masoyo amabwera kamodzi pamwezi, ndipo 12 koloko ikakwana amanyamuka. Bambo ndinawakhazika pabenchi, ine n'kupita pawindo. Kalaliki anawerenga kalata ija, kenako anandiyang'anitsitsa.

"Si inu munabwera mwezi watha ndi 'urgent' wa chimfine?"

Zinali zoona. Tsiku limenelo ndinkathamangira kuboda kukakumana ndi wogula mbuzi wa ku Chipata, ndiye ndinadzilembera ndekha liwulo m'buku langa la kuchipatala kuti ndidumphe mzere. Kwathu ambiri timatero. Kalata ya msonkhano wa chipani, "urgent". Yofunsira mbeta, "urgent". Taligwiritsa ntchito mpaka lasukuluka ngati tiyi wa pamaliro.

Kalaliki uja anati masiku ano ngakhale nkhuku ikatsokomola ndi "urgent". Kalata ija anaiika pansi penipeni pa mulu. Akuti tidikire, aliyense pano ndi wodwala.

Kodi wodwala ndinali ine, akulu inu? Nsalu ya magazi pankhope ya nkhalamba simunaione? Maso anuwo ndi owerengera nyuzi basi?

Itakwana 9 koloko kalaliki uja anapita kukamwa tiyi. Anabwerako 10:40, akutokosa m'mano. Apa ndiye pamene pamandiwawa. Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kukagogoda ndekha chitseko cha dokotala, chinali pomwepo. Sindinatero. Manyazi anandimata pakamwa, ndinkaopa kuti aulula bodza langa bambo akumva. Iwo anangoti, "Usavute anthu ali pantchito, mwana wanga. Atiitana."

Anatiitanadi, 12:20, galimoto ya dokotala itatuluka kale pageti. Lachisanu tinapita nawo kuchipatala ku Lilongwe, komwe madokotala anatiuza kuti tinachedwa, disolo silidzaonanso.

Akuluakulu a chipatalachi, ndiyankheni. Ndani anapatsa kalaliki mphamvu yoweruza kalata ya dokotala? Wabodza ndine. Akanandilanga ine, osati munthu wosadziwa ngakhale kuwerenga liwulo. Nanunso anzanga, lekani kuseweretsa liwu limeneli, tsiku lina lidzakukanani.

Bambo mpaka lero sakudziwa chimene chinanenedwa pawindo paja. Dzulo, pamaso pa abale onse, anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndine mwana amene ndinawathamangira.